Mphete ya Evaristo ndi Miyala Yakuda

Pamsika wa Buchi panalibe wamalonda amene akanamupusitsa Felistus Mbewe pa nkhani ya nyemba. Ankapisa dzanja mpaka pansi pa thumba, kutapa, kuziyang'ana padzuwa, n'kuluma imodzi. Akatero ankanena mosaphethira kuti izi n'za ku Solwezi, izi n'za ku Mbala, ndipo izi n'zachaka chatha, wina wangozipukuta ndi mafuta kuti ziwale. Anthu obwera ndi malole ankamuda, koma ankayambirabe pa tebulo lake, chifukwa Felistus akagula msika wonse unkagula. Mphatso yake inali kukayika. Munthu akamupatsa moni wokoma kwambiri, iye ankayamba kuganiza za chimene munthuyo wabwera kudzapempha.

Anabadwira cha ku Katete, mwana wa mphunzitsi wa katekisimu, ndipo anakwatiwa mu tchalitchi ndi Evaristo Sakala, mnyamata wa mudzi woyandikana nawo, wamtali, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Mphete zawo anagula kwa wansembe, zamkuwa, zotchipa koma zowala. Anafika ku Kitwe ufulu usanabwere, atanyamula mphasa, mtondo ndi khanda dzina lake Emelda. Choncho Buchi yonse inkamudziwa kuti amake Emelda, kapena bana Emelda kwa anansi ake Achibemba. Kutchalitchi anali m'gulu la amayi a Anna Woyera, ndipo duku lake linali loyera kuposa la aliyense. Ulemu umenewo ankayenda nawo mosamala ngati ndowa yodzaza pamutu.

Evaristo anayamba ndi ntchito ya m'dimba kwa azungu. Ufulu utabwera mkuwa unakwera mtengo, ndipo makampani ofufuza miyala anabuka ngati ngumbi mvula ikagwa. Kampani ina yaing'ono, imene inali ndi nyumba yamalata kuseri kwa njanji, inamulemba ntchito. Atafika kunyumba ndi chikhoti choyera cha pantchitopo, mkazi wake anafunsa kuti ntchito yake ndi yotani.

"Kusinja miyala," anatero Evaristo.

"Kusinja? Atate a Emelda, mwachoka ku Katete mtunda wonse uwu kuzagwira nchito ya atsikana?"

Evaristo anangoseka. Munthuyu kukangana sankakudziwa, ndipo zimenezo zinkamuwawa Felistus kuposa chipongwe.

Bwana wa pamalopo anali mzungu wowonda amene antchito ankamutcha Kanyambita, chifukwa akatola mwala ankayamba waunyambita asanauyang'ane ndi kagalasi kake. Mkuwa ankaufuna monga aliyense, poti ndiwo unkalipira malipiro, koma mtima wake unali pa miyala ina yakuda, yolemera, yotchedwa gabulo, imene inkapezeka m'tchire la kumadzulo itatsekerezedwa pakati pa miyala yamtundu wina. Matenda a bwanayo anamugwiranso Evaristo. Lamulungu lina atachoka ku Misa anatulutsa kachidutswa m'thumba n'kukaika m'manja mwa mkazi wake.

"Uyu mwala, amake Emelda, kale sunali mwala. Linali phala la moto, pansi penipeni pa dziko. Linakwera, kuzipanikiza pakati pa miyala imene inalipo kale, koma silinatulukire kunja. Linazizira momwemo pang'onopang'ono, anthu asanakhaleko, ngakhale mtsinje wa Kafue usanayambe kuyenda."

"Anaona ndani?"

"Palibe. Koma mwala umakamba wekha. Muli tuzitsulo tung'onotung'ono, nikelo, kuromu, na kopa, uja mkuwa, pang'ono chabe. Ine nisinja, ufa upita ku mashini, mashini auotcha, ndiye kuwala kwake kuonetsa zili mkati. Bwana akaona aziwa ngati phala linachokera pansi kwambiri losasakaniza, kapena linasungunula miyala ya m'njira n'kutengako zake. Monga imwe na nyemba zanu. Muluma imozi, mwaziwa kwao."

Felistus anapinda milomo, koma mumtima zinamukomera. Mwamuna wake anapitiriza kufotokoza kuti sasinjira mu mtondo wachitsulo, chifukwa chitsulo chimasiyamo zake, koma m'kamtondo ka mwala wosalala. Akamaliza mwala umodzi amasinja mchenga woyera kuti atsuke kamtondoko, n'kusamba m'manja, asanagwire wina. Anati kanthu kochepa ngati kambewu ka mchere kangathe kunamiza makina onse. Mawu amenewo Felistus anawamva ndi khutu limodzi, lina lili kwa mwana amene ankasewera pafupi ndi mbaula.

Zinthu zinayenda bwino kwa zaka zingapo. Anagula njinga, anagula wailesi, ndipo Evaristo ankabwera kunyumba manja ali oyera ngati a kalaliki, pamene amuna a anzake ankatuluka m'migodi maso okha akuoneka. Tsoka linalowa Lachisanu lina, Felistus akuthirira mwamuna wake madzi osamba m'manja asanadye. Pa chala panali kamzere kotuwa, mphete palibe.

"Mphete ili kuti?"

"Aa, naiwala ku nchito. Ili m'botolo."

"M'botolo."

"Ni lamulo latsopano. Bwana ati mphete ni ya kopa, iononga ufa. Tivula m'mawa, tiika m'kabotolo pa tebulo ya a Lorna, tivala pochoka."

Dzina limenelo linali lachilendo m'nyumbamo, ndipo linalowa ngati utsi. Felistus anali atamva mabodza onse a amuna a ku migodi: ovataimu, njinga yaphulika, maliro a mnzathu wa ku Chingola. Koma ili linali latsopano. Mwala umene unapirira moto wa pansi pa dziko lero ukuopa mphete ya wansembe? Sanafunsenso. Anapakula chakudya, n'kumuyang'ana mwamuna wake akudya ndi mtendere wa munthu wosalakwa, ndipo mtendere womwewo ndi umene unamukayikitsa kwambiri.

Anafufuza, monga mwa luso lake. Anamva kuti Lorna ndi mtsikana wa Chibemba wophunzira mpaka Fomu Faifi, mmodzi mwa amene ufulu unawatsegulira maofesi, ndipo ndiye ankayendetsa makina owotcha ufa. Anamvanso kuti amavala wigi, ndi diresi losafika m'mawondo. Lolemba lotsatira Felistus anabisa chikhoti choyera kunsi kwa mphasa. Evaristo anachisaka, kuchisaka, mpaka anakwera njinga wopanda chikhoti poopa kuchedwa. Mkazi wake anachitulutsa, kuchipinda bwino, n'kutsatira wapansi ngati mkazi wabwino amene wapeza chimene mwamuna wake waiwala.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lowotcha kuyambira m'mawa, nyengo imene zala zimatupa. Atafika kuseri kwa njanji sanapite pakhomo. Anazungulira kuwindo. Mkatimo Evaristo anali ataima pafupi ndi beseni, dzanja lake lili m'manja mwa mtsikana wa wigi. Mtsikanayo ankapaka sopo chala cha mwamuna wake, kupotoza mphete, kukoka, ndipo onse awiri ankaseka. Mphete itatuluka, mtsikanayo anaiponya m'kabotolo, n'kumveka kuti ngwee. Felistus anamva kaphokoso kameneko m'mano. Anasiya chikhoti kwa mlonda, nabwerera ku Buchi osaona njira.

Mwambo unali woti aitane nkhoswe. Nkhoswe yawo inali a Jairus, amalume ake a Evaristo, amene ankasoka nsapato ku Masala ku Ndola. Koma akanawauza chiyani? Kuti waona sopo? A Jairus akanaseka, nkhani ikanafika kwa amayi a Anna Woyera, ndipo iye, Felistus wosapusitsika, akanakhala nkhani ya pa mpopi. Anasankha kutsina khutu munthu mmodzi yekha, Mainess, amene ankagulitsa nsomba zouma pa tebulo loyandikana ndi lake. Mainess anali atakwatiwapo kangapo, choncho ankadziyesa dokotala wa maukwati.

"Awe mwandi, bana Emelda," anatero Mainess akupitikitsa ntchentche. "Kuno ni ku Kopala, ku migodi. Mwamuna simumusunga na korona chabe. Aba ba ma wigi sagona. Tiyeni nikuonetseni munthu."

Munthuyo anali nkhalamba ya ku Congo imene inkakhala kuseri kwa ogulitsa makala, itayala mizu ndi timabotolo pa chiguduli. Inamvetsera osayang'ana nkhope ya Felistus, kenako inakulunga ufa wobiriwira m'kapepala. Inati authire m'chovala chimene mwamuna amavala pamene mkazi winayo amamuona, m'mipendero ndi m'makona a matumba, ndipo mkaziyo akamuyang'ana azingoona chitsa. Felistus anaubisa m'chitenje. Ankadziwa bwino lomwe chimene akuchita. Mwana wa mphunzitsi wa katekisimu akadziwika kuti wapita kwa sing'anga, duku loyera amamuvula, Ukalistia amamuletsa, ndipo dzina la atate ake limadetsedwa mpaka ku Katete. Koma mantha otaya mwamuna anakula kuposa mantha otaya duku.

Chikhoti chinkabwera kunyumba Loweruka kudzachapidwa. Lamulungu masana, Evaristo atapita kukaonera mpira, Felistus anachisita ndi simbi yamakala, anaphwasula mipendero ya m'manja, anathiramo ufa, n'kusokanso ndi msoko wake waung'ono wooneka bwino umene anaphunzira kwa masisitere. Wotsala anausisitira m'makona a matumba. Lolemba m'mawa anamuveka yekha mwamuna wake, n'kumukonza kolala. Evaristo anadabwa ndi chikondi chimenecho, nachoka akuimba mluzu.

Patapita masabata angapo anabwera kunyumba akupalasa njinga ngati wothamangitsidwa.

"Amake Emelda, kopa! Mu gabulo mwapezeka kopa yambiri. Bwana alumpha monga mwana. Ati mwala uyu sukhala na kopa yotere, ndiye kuti phala lija linadutsa m'miyala ya kopa pokwera, ndipo pansi apo pangakhale mgodi."

"A Lorna nawo alumpha?"

"Onse tasangalala," anayankha Evaristo, osamva mbedza imene inali m'funsomo.

Kuyambira pamenepo anayamba kufika dzuwa litalowa. Bwana ankafuna miyala yonse isinjidwenso, iwotchedwenso, ndipo amene ankatsala pantchito anali wosinja ndi wowotcha. Felistus anawerenga nkhaniyo mwa njira yake: mankhwala achepa mphamvu. Anabwerera kuseri kwa makala, natenga wina, nathira mowirikiza. Mkuwa m'makina unakweranso, Evaristo anachedwanso, iye anawonjezeranso. Tinene zoona, apa m'pamene munthu amakwiya naye Felistus. Mkazi wodziwa mafuta pa nyemba zachaka chatha sanadzifunse n'kamodzi komwe kuti ufa wobiriwira umachokera ku chiyani m'dziko limene ana amatola timiyala tobiriwira tamkuwa m'mbali mwa migodi n'kumaseweretsa. Kukayika kwake konse kunali kutathera pa wigi.

Chisangalalo cha Kanyambita sichinakhalitse. Miyala yochokera m'mapiri otalikirana yonse inkaonetsa mkuwa, pamene nikelo ndi kuromu zinali monga kale. Akaunyambita mwala n'kuuyang'ana ndi kagalasi, mkuwa wooneka ndi maso munalibe. Evaristo anafika tsiku lina nkhope itagwa.

"Bwana ati kopa iyi ilibe kwao. Siinabwere na phala. Yalowa pa njira, m'nyumba mwathu muja."

Nyumba yamalata ija inasanduka malo oyang'anana m'mbali. Anataya mchenga wotsukira, anasintha kamtondo, anasiya madzi a pa mpopi. Anakayikira mlonda, anakayikira dalaivala wonyamula miyala, anakayikira makina a Lorna. Masiku amenewo kunkamveka mbiri yoti antchito ena amathira dala fumbi la mkuwa m'miyala kuti kampani isachoke, ntchito ipitirire, ndipo mbiri imeneyo inayamba kuyendayenda pakati pawo. Anthu amene ankadyera limodzi kandolo masana anayamba kudya aliyense payekha. Evaristo anasiya mluzu, chakudya ankangochitola. Mkazi wake ankamuyang'ana n'kumati mumtima, munthu akuwonda ndi chikondi ameneyu.

"A Lorna analira lelo," anatero Evaristo madzulo ena. "Bwana anawakalipira kuti mwina ni mashini yao."

Felistus anatembenukira kukhoma kuti asaoneke akumwetulira. Anaganiza kuti mankhwala ayamba kugwira.

Lachiwiri lina masana, msika uli pakati, anaona mwamuna wake akubwera akukankha njinga, chikhoti atachipinda pa kaliyala, mphete ili pa chala. Sanaime pa tebulo. Anangoti, "Tiyeni kunyumba," ndipo Felistus anasiyira Mainess nyemba n'kutsatira.

M'nyumba Evaristo anakhala pa mpando, nafotokoza ndi mawu otsika ngati akunena za munthu wina. Bwana anaswa mwala umodzi pawiri, theka anapatsa Evaristo, theka anasinja yekha. La bwana linatuluka lopanda mkuwa. Kenako anamuvula chikhoti, nachikutumulira pa pepala loyera pamaso pa antchito onse, ndipo pepalalo linachita mawanga obiriwira.

"Nchito yatha," anatero.

Anaika chikhoti patebulo. Mipendero ya m'manja inali yong'ambidwa ndi lumo, ulusi wa Felistus ukulendewera. Pamenepo mawu aja a kambewu ka mchere, amene anawamva ndi khutu limodzi, anamufika ndi makutu onse. Anaima chilili kudikira funso, kudikira khofi, kudikira kuuzidwa kuti amange katundu.

"Nipatsenkoni madzi akumwa," anatero Evaristo.

Anamwa, nabweza kapu, natuluka kukakonza tcheni cha njinga. Za chikhoticho sanazitchulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Munthu wina akanagwada pomwepo. Felistus anayamba kukayikira chete ameneyu. Anaganiza kuti mwamuna wake akusonkhanitsa mfundo, akudikira a Jairus abwere kuchokera ku Ndola. A Jairus anabwera, anadya, anadandaula za ntchito yotayika, nabwerera osanena kanthu. Ndiye anaganiza kuti nkhaniyo ipita kwa wansembe. Lamulungu lililonse Evaristo akaima pakhomo la tchalitchi kupereka moni kwa bambo mfumu, mkazi wake ankayang'ana milomo yawo ali patali, thukuta likutsika pansi pa duku. Palibe chinachitika. Ndipo poti palibe chinachitika, anayamba kudziuza kuti mwina munthuyu sakudziwa, mwina akuganiza kuti ndi mnzake wa kuntchito amene anamuchita chipongwe. Ganizo limenelo linali lokoma, ndipo analigwiritsa ndi manja awiri.

Mbiri inayenda m'makampani ofufuza miyala kuti Sakala ndi wothira mkuwa m'miyala, ndipo panalibe amene anafuna manja ake. Ntchito imene inalipo kwa munthu wamtali wopanda satifiketi inali ya pansi. Analowa mu mgodi wina kukakhala wofosholo, kumakweza miyala yophulitsidwa fumbi lisanakhazikike. Akuluakulu a pansipo ankachenjeza kuti mphete imakola m'zitsulo n'kudula chala. Evaristo ankaivalabe mkati mwa magolovesi. Madzulo Felistus akamuthirira madzi, manja anali akuda, ong'aluka, koma mphete ili pamalo pake.

Chaka chisanathe, mtsikana wina anaima pa tebulo la nyemba. Wigi inali ina, koma Felistus anamuzindikira asanatsegule pakamwa.

"Ndimwe bana Emelda? Ndine Lorna. Ninagwira nchito na ba Sakala."

"Mufuna za ku Solwezi kapena za ku Mbala?"

"Zilizonse." Lorna anatsegula kathumba kake. Pa chala chake panali mphete yatsopano, ndipo anati akukwatiwa ndi munthu wa ku njanji. Kenako anatsitsa mawu. "Muziwa, bwana sanafune kuwachotsa. Anati manja monga aja sazawapezanso. Anawaitana mu ofesi, ine nilipo. Anawafunsa, ndani amachapa ichi chikhoti? Ngati ni vakunyumba kamba chabe, nizakupatsa china, uzichisiya kuno, nkhani yasila. Anawafunsa mobwereza. Beve anati, nimachapa neka, nimasita neka, nimasoka neka."

Felistus anapitiriza kuthira nyemba mpaka zinasefukira pansi.

"Ine ninauona uja msoko," anatero Lorna. "Mwamuna sasoka so." Ananyamula kathumba kake, nati awapatse moni, napita.

Felistus anakhala pansi pa thumba la nyemba, msika ukumuzungulira. Analira ndi manyazi ndi chisoni. Mwamuna wake anataya ntchito ya manja oyera, ndi dzina lake lomwe, kuti duku la mkazi wake likhale pamutu. Koma chibadwa sichichoka ndi tsiku limodzi. Ali m'misozi momwemo, kamawu kena m'kati mwake kanafunsa kuti, nanga iyeyu manja a mwamuna wanga amawadziwa bwanji chonchi?

Anakalapa, koma osati ku Buchi. Anakwera basi mpaka ku Ndola, kwa wansembe amene sankadziwa mawu ake. Kwa Evaristo sanalape. Ankati anena mawa, ankati anena mwana akabadwa, ankati anena Pasaka ikapita. M'malo mwa mawu ankamusungira nyama yabwino, ankamutenthetsera madzi osamba, ndipo anasiya kufunsa kumene wachokera. Kuseri kwa makala sanapondekonso, ndipo Mainess akayamba za mankhwala ankamudula pakamwa. Nthawi zina ankadziuza kuti mwina Evaristo anayankha choncho mu ofesi chifukwa cha ulemu chabe, osadziwa kwenikweni. Munthu wofatsa ndi wovuta kumuluma n'kudziwa kwawo.

Ana anawonjezeka. Kachidutswa ka gabulo kaja kanakhala pawindo zaka zonsezo, ndipo Evaristo akakhala ndi mphamvu Lamulungu ankakatenga, kukanyambita kuti ana aseke, n'kuwauza za phala la moto limene linakwera koma osatulukira kunja. Kampani ija inatseka, Kanyambita anabwerera kwawo. Kangapo Evaristo ankatembenuza mwalawo m'manja n'kunena yekha kuti, "Kaya bwana anapeza. Kaya linachokera pansi penipeni, kaya linasakaniza m'njira. Tinatsala pang'ono kuziwa." Sankanena modandaula. Koma Felistus akamva mawu amenewo ankapeza chochita kunja.

Chifuwa chinayamba ngati chimfine cha mwezi wa Juni, ndipo sichinachoke. Pamene mtengo wa mkuwa unkagwa, amayi pamsika n'kuyamba kugula nyemba za theka la mbale, madokotala a ku mgodi anamuunika Evaristo n'kumuuza kuti fumbi ladzaza m'mapapo, asatsikenso pansi. Anabwera kunyumba kudzakhala. Munthu wamtali uja anatha, makolala a malaya anamukulira, ndipo kuchoka pa bedi kufika pakhonde unali ulendo wopumira panjira.

M'mawa wina Felistus asanapite kumsika anamupeza pakhonde akuwothera dzuwa, atatenga ulusi m'kabokosi kake kosokera. Mphete inali itayamba kuvuka yokha. Dzulo lake inagwera m'beseni, ndipo tsopano ankayesa kuikulunga ulusi kuti ithine, koma ulusiwo unkamupulumuka. Felistus anaima akumuyang'ana, dengu lili pamutu. Anaona chala chimene kale chinkafuna sopo, lero chili ngati kamtengo.

"Atate a Emelda, vulani chabe. Nikusungireni m'bokosi, muzavala mukachira. Izatayika."

Evaristo sanakweze mutu.

"Iyayi. Ninaivulapo kale, amake Emelda. Munaona zimene zinachitika."

Ananena mofatsa, monga ankanenera zonse, ndipo kenako chifuwa chinamugwira, nakhosomola nthawi yaitali atagwira mzati. Felistus anatsitsa dengu.

Chifuwa chitaleka, Evaristo anatambasula dzanja, mphete ndi ulusi zili pachikhatho.

"Nithandizenkoni. Imwe ndimwe muziwa kusoka."

Felistus anagwada pasimenti, natenga mphete, nayamba kukulunga ulusi. Misozi inkagwera pa ulusiwo. Atamaliza anamanga mfundo, naidula ndi mano, namuveka.